Chitsime Chomwetsedwa cha Mayi Buasai

Mayi Buasai a m'mudzi wa Non Tako anabadwa ndi matenda amodzi amene palibe chipatala chinawapezera mankhwala: sankalola kuti munthu aone chinthu chawo chili chopanda kanthu. Kadengu ka mpunga, botolo la mafuta, chitini cha shuga, zonse zinkayenera kuoneka zodzaza. Mlendo akakwera makwerero a nyumba yawo yomangidwa pamwamba pa mizati asakumuyembekezera, ankawapeza akuvundikira china chake ndi mbale kwinaku akumwetulira.

Anakulira kunsi kwa mudzi, kumene nthaka imatuwa m'chilimwe ngati wina wawazapo ufa. Makolo awo anali opala mchere. Ankapala dothi lotuwalo, kulitsuka, n'kuwiritsa madziwo m'ziwaya mpaka mchere utatsalira pansi, ndipo kusukulu ana a olima mpunga ankati Buasai ukamunyambita pamkono ndiwo sizifunikanso. Mawuwo anawameza, koma sanatsike. Atakwatiwa ndi a Thawin anaumirira kuti nyumba imangidwe pamtunda, pakati penipeni pa anthu amene ankawasekawo, ndipo kuyambira pamenepo palibe amene anawamvapo akunena kuti chakuti chandithera.

Zaka zimene a Thawin ankamanga nyumba za eni ku Bangkok, miyezi n'kumatha osatumiza kalikonse, ndi pamene pakhomo pa mayi Buasai pankanunkhira kwambiri. Madzulo aliwonse ankakazinga adyo m'timafuta, fungo n'kudumpha mpanda, anthu n'kumati lero kwa Buasai kwagwa nkhumba. Adyoyo ndiye inali ndiwo yonse. Ankamudya ndi mpunga womata, iwo ndi mwana wawo Lamyai, zenera atatseka. Anthu ankadziwa, poti nyumba zamatabwa sizisunga chinsinsi. Koma kwathu kuno kumuvula munthu pagulu n'kulakwa kwakukulu kuposa bodza limene wanenalo. Choncho m'mawa ankawafunsa ngati nkhumba ija inali yonona, iwo n'kuyankha kuti mafuta anachita kunyanya.

Tsopano tsitsi linali litachita mbuu. Lamyai ankagwira ntchito pafakitale ya nsapato kutali, ndipo a Thawin anali atabwerera ndi msana wopweteka komanso chikondi chachikulu pa atambala omenyana. Chimene sichinasinthe ndi nkhani ya madzi. Pansi pa dera lathu lonse pagona mchere. Ukakumba pang'ono supeza kanthu, ukakumba kwambiri umatulutsa madzi oti ngakhale njati yolimira imanunkhiza n'kutembenuka. N'chifukwa chake nyumba iliyonse ili ndi mitsuko ikuluikulu ya simenti, yofika m'khosi mwa munthu wamkulu, yolandira mvula ya padenga. Madzi amenewo ndiwo amakufikitsa ku mvula ina, ukawasamala.

Mayi Buasai anali ndi mitsuko yambiri kuposa aliyense, ndipo madzi ankawaumira moti a Thawin ankasamba ndi kapu. Analinso ndi chitsime. Anachikumba a Thawin chaka chimene Lamyai anabadwa n'kuikamo mikombero ya simenti, ndipo mayi Buasai anachimangira kadenga, kuchipaka penti, kudzala maluwa mozungulira. Nyengo ya mvula chinkakhala ndi timadzi tamchere pang'ono tochapira. Mpunga ukangokololedwa chinkauma gwa. Zikatero ankachivundikira ndi chitseko chathabwa n'kukhomapo loko, ndipo wofunsa ankauzidwa kuti akuopa ana a eni angagweremo.

Chaka cha nkhani yathuyi, zokolola zitalowa m'nkhokwe, kunabwera mtsikana wa ku yunivesite dzina lake Rattana. Onse ankamutcha aphunzitsi, ngakhale anali wamng'ono kwa Lamyai. Anthu anasonkhana m'holo ya pakachisi, iye n'kupachika mapu aakulu a mbali yathu ya chigwa cha mtsinje wa Chi, opakidwa mitundumitundu. Anafotokoza modekha. Anati anatenga zithunzi zojambulidwa kumwamba ndi setilaiti, komanso mapu a mvula, a mtundu wa dothi, a miyala ya pansi, a kutsetsereka kwa malo ndi a njira zimene madzi amathamangira, n'kuzisanjikiza zonse mu kompyuta ngati mphasa. Chilichonse anachipatsa mphamvu yake: mchenga womwetsa madzi unaposa dongo, malo athyathyathya anaposa otsetsereka. Pamene zonse zinagwirizana panatuluka mtundu wobiriwira, kutanthauza kuti pamenepo madzi abwino angapezeke. Pofiira panali pouma kapena pamchere.

Non Tako yense anali wofiira ngati wapsa, kupatula kamzere kobiriwira kunsi chakum'mawa. Kamzereko kanadutsa pakati pa munda wa chinangwa wa mayi Nuphin, msuweni wa mayi Buasai, wamng'ono kwa iwo pa zaka koma osati pakamwa. Awiriwa anayamba kupikisana asanamere mano achikulu ndipo anali asanatope.

Rattana ananenanso zinthu ziwiri. Choyamba, boma linali ndi mjigo umodzi wokha wa mudzi uno. Makina akakumba n'kupeza mchere, abwerera, ndipo mudzi uyambiranso kumapeto kwa mzere, kudikira zaka zimene palibe angazilonjeze. Chachiwiri, mapu a mu kompyuta sakhulupiridwa asanayesedwe pansi. Ndiye chilimwe chonse azibwera mwezi ndi mwezi kudzayeza zitsime zonse za m'mudzi, kuti aone ngati nthaka ikuvomereza zimene kompyuta yanena. Ayamba mawa.

"Achemwali," anatero mayi Nuphin pakhomo la holo, akuvala mapatapata awo pang'onopang'ono kuti anthu amve bwino, "musadandaule. Mjigo ukabwera muzidzatunga. Nanga si ndinu achibale."

"Madzi ndili nawo ine," anayankha mayi Buasai. "Ndizidzabwera kudzaona mmene akupondera chinangwa chako."

"Ndiye zili bwino, aphunzitsi adzawaona madziwo mawa. Koma loko uja, kiyi wake mukukumbukira pomwe munaika?"

M'mawa kutangoyera, a Thawin anatsika kukaona atambala awo n'kupeza mkazi wawo ali kalikiliki. Anali atamiza paipi mumtsuko waukulu wa kuseri, mbali inayo ailowetsa m'chitsime, madzi akutsika ndi phokoso.

"Mayi a Lamyai, kodi ndakalamba ndine kapena dziko latembenuka? Ine ndimadziwa kuti madzi amachoka m'chitsime kupita mumtsuko."

"Gwirani paipi apa, musiye mafunso."

"Amenewatu ndi akumwa."

"Mukufuna mlendo asuzumire m'dzenje louma pakhomo panga? Mwana wa eni wachokera kutali."

"Wabwera kudzayeza, osati kudzamwa."

"Ndiye ayeze chiyani, fumbi?"

A Thawin anagwira paipi. Ukwati unali utawaphunzitsa kalekale kuti kugwira n'kopepuka kuposa kutsutsa. Ndipo tiwanenere chilungamo mayi Buasai: za mjigo sankaziganiza n'komwe m'mawa umenewo. Kwa iwo zinali ngati kuyalira mlendo mphasa yatsopano.

Rattana anafika dzuwa litakwera, ndi tepi yaitali yokhala ndi kachitsulo kumapeto kamene kamalira kakakhudza madzi. M'zitsime zina anali atatsitsa tepi yonse kachitsuloko kali duu. Apa kanalira msanga. Anatunga pang'ono, n'kuviikamo kachipangizo koyezera mchere. Anakwinya nkhope, anakatsuka, n'kuviikanso. Kenako analawa.

"Mayi, m'boma lonse lino sindinapeze madzi abwino chonchi. Akukhala ngati a mvula."

"Anthu amatero," anayankha mayi Buasai, maso ali pa tambala.

"Sichiphwa chitsimechi?"

"Chiphwe bwanji."

Rattana sanali wopusa ayi. Anakulira pamunda wa mpunga iyenso, ndipo madzi otsekemera pamtunda wofiira anamudabwitsa. Choncho anazungulira nyumba zoyandikana kufunsa. Nkhalamba ina ya kuseri kwa mpanda inakanda mutu n'kunena kuti chiyambire sinachionepo chitsime cha Buasai chili chouma, zimene zinali zoona ndithu, poti pa chitseko chokhoma palibe amaona. Ena anavomereza ndi mutu. Pomaliza anafika kwa mayi Nuphin.

Mayi Nuphin analitafuna funsolo nthawi yaitali ngati nsomba yaminga. Kunena zoona kukanawakomera kwabasi. Koma kumuvula m'bale wako pamaso pa mlendo wobwera pa galimoto ya boma, mudzi wonse ungakufulatire, ngakhale amonke a pakachisi angakuyang'ane mwachilendo m'mawa ukamawaikira mpunga m'mbale zawo. Ndiponso chitsime chimodzi chingasinthe chiyani pa mapu aakulu chonchija?

"Chimakhala ndi madzi," anatero. "Achemwali angawa chilichonse chawo chimakhala chodzaza."

Rattana anabwerera ku zithunzi zake za setilaiti n'kuziyang'anitsitsa mpaka anaona kamzere kozimiririka kodutsa pansi pa mtundawo. Anaganiza kuti mwina ndi kamtsinje kakale kokwiririka ndi mchenga, kamene kamamwa mvula n'kuisunga pamwamba pa mchere. Zoterezi zimachitika m'madera ena. Anaganiza zoti chitsimechi achiyang'anire mwapadera.

"Uziimba foni usanabwere," anamuuza mayi Buasai, "kuti ndizikuphikira. Sindifuna mlendo wondipeza moto utazima."

Mtsikanayo anali woleredwa bwino, ndiye ankaimba. Foni ikalira madzulo, m'mawa mwake paipi inkagwira ntchito, ndipo masana Rattana ankapeza madzi ali pomwe anawasiya, mpunga wotentha uli m'kadengu, papaya wosinja ndi tsabola, ndi nkhuku yootcha imene a Thawin ankailira mumtima. Ankadya atakhala pa thandala lansungwi pansi pa nyumba. Apo ndi pamene mayi Buasai anamva kuti mtsikanayo mayi ake anamwalira iye ali kusukulu, ndipo Rattana anamva kuti Lamyai amaimba mwa apo ndi apo, nthawi zonse ali pachangu. Ulendo wina galimoto yake inatererekera mu ngalande pobwera, iye n'kufika akunjenjemera. Mayi Buasai anamukhazika pansi n'kumumanga ulusi woyera pamkono, monga timachitira ndi mwana wathu akaopsedwa panjira kuti mzimu wake usatsalire kumeneko. Kuyambira tsikulo Rattana anasiya kunena kuti mayi Buasai. Ankati amayi, ndipo iwo anasiya za aphunzitsi n'kumati mwanawe. Ankamukonda zenizeni, ndipo foni ikalira mtima wawo unkadumpha kawiri, koyamba ndi chimwemwe, kachiwiri ndi nkhawa ya madzi.

Chifukwa chitsimecho chinali ndi ludzu. Dzuwa likamakula nthaka inkamwa mwaliwiro, ndipo mtsuko umene poyamba unkakwana sunkafikanso paliponse. Madzi ankangokhalamo tsiku limodzi, mawa lake pansi pali matope, mkuja pang'ambika. Mitsuko ya mayi Buasai inayamba kulira ukaigogoda. A Thawin anachoka pa kapu n'kufika pa nsalu yonyowa.

Apa ndi pamene mudzi unalowererapo, popanda msonkhano, popanda wopempha. Aliyense anali atachitira umboni pamaso pa aphunzitsi, choncho nkhope ya aliyense inali m'chitsime chimenecho. Mbiri ikangomveka kuti foni yalira, m'mawa anthu ankatulukira ndi zidebe, ena ndi zigubu pa wilibala, ena pa njinga yamoto, kutunga m'mitsuko yawo yomwe ankaumira ana awo. Ankaima pamzere ngati pa mjigo weniweni, kusiyana kwake kunali koti ankabwera ndi zodzaza n'kubwerera ndi zopanda kanthu. Mmonke wina wachikulire akudutsa ndi mbale yake anaima pampanda, anayang'ana kwa kanthawi, n'kupitiriza ulendo. Mpaka lero sanalalikirepo za nkhaniyi.

Mayi Nuphin sankaphonya. Ankabwera ndi zidebe ziwiri pa mtengo wa paphewa, mawu ali patsogolo, chala chikuloza chitsime.

"Ndabweretsa phala la mwana wanu wachiwiriyu, achemwali. Koma amamwa, eti. Ameneyu watengera kuchimuna kapena kuchikazi?"

"Thira uzipita. Ukudontheza pa maluwa anga."

"Maluwawo ndiye akuthokoza. Kuyambira chaka chatha sanalawe."

Ankaseka onse, mayi Buasai n'kumayesa kukwiya. Zinali ngati masewera, ndipo aliyense ankati aphunzitsi akamaliza kuyeza zitha zokha.

Ulendo womaliza Rattana anatsika m'galimoto nkhope ikuwala. Atayeza, sanadikire n'komwe kusamba m'manja. Anatsegula kompyuta pa thandala paja n'kuitembenuzira kwa mayi Buasai. Pakati pa kufiira konse kwa Non Tako panali kadontho kobiriwira.

"Amayi, onani. Apa ndi pakhomo panu."

Anafotokoza mothamanga, ngati mwana amene wakhoza mayeso. Akuluakulu ake anamutsutsa kuti chitsime chimodzi sichingagwetse mapu. Iye anawaonetsa kuti chilimwe chonse zitsime zina zonse zatsika kapena kuuma, koma ichi chokha sichinasunthe. Anawauzanso kuti mjigo wa pamtunda ungatumize madzi m'mapaipi kutsikira nyumba iliyonse, pamene wa kumunda wa chinangwa anthu azichita kuwakweza. Anakangana nawo mpaka iwowo anagonja. Makina abwera chikondwerero chathu cha chaka chatsopano, chija chothirana madzi kumapeto kwa chilimwe, chikangotha, ndipo akumba kuseri kwa khola la atambala.

"Ndaika dzina langa pa chitsime chimenechi, amayi," anatero akuseka. "Chikandichititsa manyazi ndidzasamukira kwanu kuno."

Mayi Buasai anamuonjezera nkhuku m'mbale.

Fumbi la galimoto lisanakhazikike, mayi Nuphin anali atafika, nsalu atamanga m'chiuno.

"Mwandibera mjigo. Ndi madzi anga omwe, osenza ndekha."

"Kanene ndiwe."

"Ndikanene kuti chiyani? Kuti ndinawanamiza aphunzitsi maso ali gwa, kenako n'kumasenza zidebe mwezi ndi mwezi? Kaneneni ndinu. Chitsime n'chanu, mwananso ndi wanu."

"Pakamwa ponsepo lero pakuchepera?"

"Pakamwa panga ndi pa inu, achemwali, osati pa alendo."

Mudzi wonse unali m'vuto lomwelo. Aliyense ankadziwa kuti wina ayenera kunena, ndipo aliyense ankadikira wina ameneyo.

Mayi Buasai anayesa njira zozungulira. Anamuimbira Rattana kuti mzimu wosunga malowo sungakondwere ndi phokoso la makina. Rattana anatumiza nkhuku yophika ndi botolo la kachasu, akuluakulu a m'mudzi n'kukapereka pa kanyumba ka mzimu, ndipo mzimuwo, wosadalirika, unalandira. Mayi Buasai anati ndiye bambo a Lamyai akukana chifukwa cha atambala. Rattana anapempha kulankhula nawo, a Thawin n'kunena kuti iwo pakhomo pano amalamulira atambala okha, ndipo atambalawo sanawafunse. Kachitatu mayi Buasai anaimba atatsimikiza kunena zoona. Anatsegula pakamwa, n'kudzimva akufunsa ngati mwanayo amakonda ndiwo ya mazira a nyerere zofiira, poti nyengo yake yakwana.

Sikuti sankadziwa chimene chikubwera. Mchere anakula nawo, ankaudziwa kuposa aliyense pamtunda paja. Ankadziwa kuti makina akaboola pansi pa khola adzatulutsa madzi owawa, adzapakira zitsulo zawo, ndipo ana a m'mudzi adzakula akusamba ndi kapu chifukwa cha iwo. Ankadziwanso kuti mtsikana amene anawatcha amayi adzasekedwa ndi akuluakulu ake onse. Ankachita mantha, ankadzida. Koma lilime limene lakhala moyo wonse likunena kuti zilipo silidziwa potembenukira.

Chikondwerero chinafika dzuwa likuswa mtengo. Ana a m'mudzi anabwera kuchokera m'mizinda, mabasi odzaza, n'kumathirana madzi amatope a padziwe mumsewu. Lamyai anaimba kuti fakitale yamukaniza kubwera. Masana a tsiku lachiwiri achikulire anakhazikidwa pamipando pansi pa nyumba ya mayi Buasai, poti ndipo panali mthunzi waukulu, kuti achinyamata adzagwade, kuwathira madzi onunkhira m'manja, kupepesa zimene anawalakwira chaka chathacho, n'kulandira madalitso. Chitsime chinali chokhoma. Kuyeza kunali kutatha, foni sinalire, ndipo palibe anachimwetsa kuyambira ulendo womaliza uja.

Galimoto inaima pachipata. Anatsika Rattana, atavala nsalu yachikondwerero, m'manja muli mbale yasiliva yodzaza maluwa oyera.

"Sunaimbe," anatero mayi Buasai.

"Lero sindinabwere kudzayeza, amayi. Ndabwera kudzakuthirani madzi. Kwathu kulibenso woti ndimuthire." Anayang'ana ku kadenga kopaka penti kaja n'kumwetulira. "Ndipo madzi ake ndikufuna achokere m'chitsime chanu chomwe."

Pabwalo ponse ngakhale ana anasiya kuthamanga.

Woyamba kudumpha anali mayi Nuphin. "Musavutike, aphunzitsi, chingwe chinaduka dzana."

"Chingwe si icho chapachikidwa apocho?"

"Kiyi ndiye anasowa," anatero a Thawin. "Ndikuganiza tambala anameza."

"Dzuwali, aphunzitsi, khalani pamthunzi," inatero nkhalamba ya kuseri kwa mpanda. "Atungireni mumtsuko, ana inu." Palibe mwana anasuntha, poti onse ankadziwa mmene mitsuko ya pakhomopo inkalirira.

Mayi Nuphin anali atakaima kutsogolo kwa chitsime, manja atatambasula ngati akuingitsa nkhuku. Mayi Buasai anawayang'ana. Munthu amene zoona zikanamubwezera mjigo pamunda pake ndi amene anaima pamenepo kuwatchingira. Anayang'ananso enawo, nkhope ndi nkhope, n'kuona kuti anthuwa anali okonzeka kunama mpaka makina atafika, mpaka mchere utatuluka, n'kudzamwa madzi ogula zaka zonsezo osawatchula dzina pamaso. Zimenezi zinawapweteka kuposa chipongwe chilichonse chimene anamvapo kusukulu.

Anaimirira, anapisa dzanja m'chiuno mwa nsalu yawo, n'kutulutsa kiyi.

"Nuphin, chokapo. Mwana atunge."

"Achemwali."

"Chokapo, ndati."

Anatsegula loko okha, anasuntha chitseko okha, n'kumupatsa Rattana chidebe. Sanabwerere kumpando.

Chingwe chinayamba kutsika. Chinadutsa pamene Rattana ankayembekezera kumva madzi, chinapitirira, iye n'kumamasula, kumwetulira kukuchepa. Kenako kunamveka gobede, chitsulo pa dothi louma. Anawerama n'kusuzumira. Pansi panali dongo long'ambika, masamba ouma, ndi patapata limodzi la mayi Nuphin limene linagweramo m'mawa wa ulendo womaliza.

Anakhala chowerama nthawi yaitali. Atadzuka analankhula motsitsa.

"Chinauma liti?"

"Chaka chilichonse. Mpunga ukangokololedwa."

"Nanga amene ndinkayeza aja?"

"A mumtsuko. A mvula, monga unanenera tsiku loyamba."

Rattana anatembenuka n'kuyang'ana anthu onse amene anawafunsa khomo ndi khomo. "Nonse?"

Non Tako yense anayamba kuyang'ana zala zake zakumapazi.

Mtsikanayo anaika mbale yasiliva pa thandala n'kupita kugalimoto. Anaimba foni. Ankalankhula motsitsa, akuweramira foniyo ngati munthuyo ali patsogolo pake, koma pabwalo panali bata loti mawu ankafika. Anapepesa posokoneza chikondwerero. Anati makina apite kumunda wa chinangwa, kumene mapu ananena poyamba. Kunamveka kuti wa mbali inayo wakweza mawu, ndipo anawakweza nthawi yaitali. Rattana anangoti inde, inde, akumvetsa. Kenako anati chipangizo chake anachiwerenga molakwika chilimwe chonse, wolakwa ndi iye yekha, anthu a m'mudzi anamuthandiza bwino kwambiri.

Mayi Buasai anamva mawu onsewo. Anabwerera n'kukhala pampando.

Rattana anabwera ndi botolo lapulasitiki la m'galimoto, madzi ake otsala theka, ofunda ndi dzuwa. Anawathira m'mbale ya maluwa ija, anagwada, n'kudikira. Mayi Buasai anatambasula manja. Madziwo anatsika pang'onopang'ono, maluwa n'kumamatira pa zala.

"Ngati ndinakulakwirani chaka chimenechi, m'mawu kapena m'zochita, mundikhululukire," anatero Rattana, monga mwambo umanenera, maso ali pansi.

Madalitso amenewa mayi Buasai anali atawanena kwa ana osawerengeka, a moyo wautali, a thanzi, a chuma chosefukira. Lero palibe ngakhale limodzi linatuluka. Anagwira mkono wa mtsikanayo ndi manja onyowawo.

"Mwanawe, udye kaye. Mpunga wapsa."

Rattana anachotsa mkono wake mofatsa, anaimirira, n'kuika manja pamodzi pachifuwa mwaulemu wonse.

"Zikomo, mayi Buasai. Ndadya kale."

Anali atayendetsa galimoto kuyambira m'mawa, milomo itauma, ndipo aliyense pabwalopo anaona kuti sanadye. Palibe amene anamutsutsa.